Lamulo la Chimbudzi Lisabwere Chimanjamanja

Abale ndi alongo a nthambi yathu,

Mundikhululukire pakuti lero ndilemba za chinthu chimene sititchula pamaso pa apongozi, ndicho chimbudzi. Ndipo ndiyamba ndi cha kutali, cha ku America, dziko limene ambiri a ife timaliyesa lopanda wosauka. Ndatero dala, pakuti akulu anati chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Funso lake ndi ili: kodi Boma lili ndi mphamvu youza munthu wa kumudzi, wokhala pa malo akeake kutali ndi tauni, kuti asamange nyumba kapena kukumba dzenje la zonyansa asanalandire chilolezo? Ine ndikuti inde, mphamvuyo lili nayo, koma pokhapokha ngati m'dzanja linalo lanyamula thandizo. Lamulo lobwera chimanjamanja silimanga chimbudzi ngakhale chimodzi, lingochulukitsa anthu a milandu.

MALO OPANDA KHONSOLO YA TAUNI

Poyamba timvetse m'mene dzikolo analigawira. America ili ndi zigawo 50, monga Texas ndi Alabama, chilichonse ndi nyumba yake ya malamulo. Zigawozo anazigawanso m'magawo ang'onoang'ono otchedwa makaunti, onga maboma athu a Dowa kapena Ntcheu, ndipo onse pamodzi amapitirira 3,000. M'kati mwa kaunti muli matauni okhala ndi khonsolo ndi meya wawo. Koma kunja kwa malire a matauniwo kuli minda, nkhalango ndi nyumba zomwazika, kumene kulibe meya kapena khonsolo ya tauni. Olamulira kumeneko ndi akuluakulu a kaunti basi, pamodzi ndi malamulo a chigawo.

Anthu osauka ambiri, ndi ena ofuna kukhala mwa okha, amathamangira ku malo oterewa chifukwa malo ndi otsika mtengo ndipo malamulo ndi ochepa. Pa za kumanga nyumba, makaunti sagwirizana. Alipo ena amene salola munthu kuyamba maziko asanapereke pulani ya nyumba, kulipira ndalama ya chilolezo, ndi kulandira woyendera amene adzaona maziko, denga ndi mawaya a magetsi. Aliponso ena, makamaka a kumidzi kwenikweni, amene safunsa kanthu za nyumbayo, munthu amamanga monga wafunira. Koma pa za dzenje la zonyansa pafupifupi paliponse lamulo lilipo, ndipo kawirikawiri chilolezo chake chimachokera ku ofesi ya zaumoyo. Kusiyana kumeneku kuli ndi nzeru yake. Denga lomangidwa molakwa limagwera mwini wake. Koma zonyansa zotayidwa molakwa sizidziwa malire a munda. Zimatsata madzi, ndipo madzi amapita kwa mnansi.

M'MENE THANKI IMAGWIRIRA NTCHITO

Nyumba zambiri za kumeneko, ngakhale za osauka, zili ndi chimbudzi chamadzi m'kati. M'tauni madzi oipawo amapita m'mapaipi a suweji a khonsolo. Kumudzi mapaipi otero kulibe, kotero kuti pafupifupi nyumba imodzi mwa zisanu zilizonse m'dziko lonselo imadalira thanki yake yokwiriridwa pansi, imene amati septiki. Zonse zochokera m'nyumba zimalowa m'thankimo. Zolemera zimamira pansi, zamafuta zimayandama pamwamba, ndipo madzi a pakati amatuluka kupita m'mapaipi obooleredwa amene anawagoneka m'ngalande zothira miyala. Madziwo amadontha pang'onopang'ono nalowa m'nthaka, ndipo nthakayo ndiyo imene imasefa ndi kupha tizilombo ta matenda. Tsono zindikirani ichi, abale: woyeretsa weniweni si thanki ayi, ndi dothi.

Ndi chifukwa chake asanapereke chilolezo amayamba ayesa dothi. Njira yakale ndiyo kukumba maenje, kuthiramo madzi, ndi kuwerenga mphindi zimene madziwo atenga kuti atsike. Dothi likamwa madzi msanga zedi, monga mchenga wokhawokha, zonyansa zimafika ku madzi a pansi zisanasefedwe. Likakana kumwa, zimabwerera pamwamba. Amayesanso mtunda: m'malo ambiri ngalandezo ziyenera kutalikira chitsime ndi mapazi 100, ndiwo mamita 30. Ndiponso amalangiza kuti thanki izipopedwa pakapita zaka zitatu kufikira zisanu. Palibe chopusa m'malamulo amenewa. Mphunzitsi aliyense amene anaphunzitsapo ana za ukhondo angathe kuwavomereza.

KUMENE KUNALIBE LAMULO

Ena mwa inu mudzati: munthu ali pa malo ake, Boma lichokepo. Tiyeni tione kumene Boma linachokapodi. Ku Texas, m'mbali mwa malire a dziko la Mexico, kuyambira m'zaka za 1950, eni malo ochenjera anaona kuti makaunti alibe mphamvu zambiri pa malo a kunja kwa tauni. Anatenga minda yosabereka ndi malo osefukira madzi, nawadula mapuloti, nawagulitsa kwa antchito osauka, ambiri a iwo a mabanja ochokera ku Mexico amene ankagwira ntchito m'minda ya ena. Kunalibe madzi a m'mipope, kunalibe suweji, kunalibe msewu weniweni. Wogula ankalipira pang'onopang'ono mwezi ndi mwezi, koma chikalata cha umwini chinkakhalabe m'manja mwa wogulitsa kufikira ndalama yomaliza. Munthu akalephera kulipira, malo ndi nyumba imene wamangapo zinkatha kupita zonse. Midzi imeneyi amaitcha colonias, ndipo ku Texas kokha inapitirira 2,000, ya anthu pafupifupi theka la miliyoni. Mvula ikagwa, maenje a zimbudzi ankasefukira m'mabwalo m'mene ana ankasewera. Tsono ufulu wopanda lamulo umenewu unali wa yani? Unali wa wogulitsa.

Pambuyo pake Texas inadzuka. M'chaka cha 1989 nyumba ya malamulo ya chigawocho inakhazikitsa thumba la ndalama zobweretsera madzi ndi suweji ku midzi yotere, ndipo kaunti yofuna ndalamazo inayenera kuyamba yavomera malamulo a kadulidwe ka mapuloti. Mu 1995 inaonjeza lamulo lakuti m'makaunti a kumalire munthu asagulitse mapuloti okhalamo anthu asanakonze za madzi ndi za suweji. Mavuto onse sanathe ayi, midzi yambiri yakale idakali m'kusowa. Koma taonani kumene anaika goli. Analiika pa khosi la wogulitsa, amene ali ndi ndalama, ndipo kwa wosauka anabwera ndi thumba.

Lamulo la Texas lili ndi khomo linanso. Banja limodzi lokhala pa maekala 10 kapena kuposa, ngati thanki ndi ngalande zake zatalikira malire a mnansi ndi mapazi 100 ndipo sizisautsa munthu, lingathe kumasulidwa ku chilolezo, pokhapokha ngati kaunti yake yaika lamulo lolimba kuposa apo. Ndiko kunena kuti chimene lamulolo limayesa ndi ngozi ya mnansi, osati kungofuna pepala.

KUMENE LAMULO LINABWERA LOKHA

Tsono tipite ku Alabama, chigawo china cha kum'mwera, ku kaunti ya Lowndes, pakati pa mizinda ya Selma ndi Montgomery. Kumeneko kuli anthu pafupifupi 10,000, ndipo ambiri ndi akuda, zidzukulu za akapolo amene ankalima thonje m'minda ya azungu. Ndi anthu odziwa kulimbana. Poyamba pa chaka cha 1965, ngakhale kuti akuda anali pafupifupi anayi mwa anthu asanu alionse, panalibe ngakhale mmodzi wolembedwa m'kaundula wa voti. M'mwezi wa Marichi chaka chomwecho ulendo waukulu wa pansi wotsogozedwa ndi Martin Luther King unadutsa m'kaunti imeneyi pochoka ku Selma kunka ku Montgomery. Alimi a kumeneko anayambitsa chipani chawo, Lowndes County Freedom Organization, chimene chizindikiro chake chinali nyalugwe wakuda. Ena amene anakalembetsa voti anathamangitsidwa pa minda ya azungu nakakhala m'matenti. Sanabwerere m'mbuyo, ndipo mu 1970 mmodzi wa atsogoleri awo, John Hulett, anasankhidwa kukhala mkulu wa polisi wa kauntiyo.

Voti anaipeza, koma dothi silinasinthe. Nthaka ya kumeneko ndi ya makande akuda, yokoma ku thonje, yoipa ku septiki. Inu a m'madambo mukuwadziwa makande: m'dzinja amatupa ndi kugwira madzi ngati mtsuko, m'chilimwe amang'aluka. Pa dothi lotere thanki wamba ndi ngalande zake zimalephera. Lamulo la Alabama limafuna kuti nyumba iliyonse ikhale ndi njira yovomerezeka yotayira zonyansa, ndipo pa makande njira yovomerezekayo kawirikawiri ndi yojambulidwa ndi injiniya, ya mapampu ndi dothi lochokera kwina. Mtengo wake umapitirira madola 10,000, ndipo pena umafika 20,000 kapena kuposa, m'kaunti imene ili pakati pa osauka kwambiri m'dziko lonselo. Kwa mabanja ena mtengowo umaposa wa nyumba imene akukhalamo. Nanga munthu atani? Ambiri anangolumikiza paipi kuchokera kuchimbudzi kukatayira kuseri kwa nyumba, m'ngalande kapena patchire. Ena anadzimana nagula thanki, nalandira chilolezo, koma mvula itabwera zonyansa zinabwerera m'bafa m'nyumba mwawo.

Ndipo lamulo lomwelo linati kusakhala ndi njira yovomerezeka ndi mlandu. Cha m'ma 2002 anthu ena osauka anatengeredwa ku khoti, ena kumangidwa kumene, chifukwa chosowa ndalama za thanki. Mayi Catherine Coleman Flowers, wokulira m'kaunti yomweyo, amenenso anakhalapo mphunzitsi, anayamba pamenepo kuwalankhulira, ndipo mu 2020 anatulutsa buku lotchedwa Waste lofotokoza za nkhondoyo. Chimene lamulo linabala ndi mantha. Munthu amene thanki yake yalephera sakanapita ku ofesi ya zaumoyo kukanena, pakuti kunena kunali kudzipereka yekha ku mlandu. Chotero ofesi imene inayenera kudziwa kukula kwa vuto ndiyo imene anthu ankaibisira.

Mu 2017 madokotala a ku Baylor College of Medicine anafalitsa zimene anapeza atayeza anthu 55 a ku Lowndes: mwa 19 munali zizindikiro za njoka za m'mimba zija zolowera ku mapazi. Kafukufuku wina wa pambuyo pake, pa ana a m'dera limenelo, sanazipeze njokazo. Koma za zithaphwi za zonyansa kuseri kwa nyumba panalibe chokangana, pakuti zinali zooneka ndi maso. Mu Disembala 2017 Philip Alston, nthumwi ya United Nations pa za umphawi, anafika nakaziona yekha. Mu Novembala 2021 Boma lalikulu la ku Washington linayamba kufufuza ofesi ya zaumoyo ya Alabama, ndipo mu Meyi 2023 ofesiyo inavomera kuleka kulipiritsa ndi kuimba milandu anthu a ku Lowndes osowa ndalama za thanki, ndi kuyamba kuwerenga nyumba zofunika thandizo. Koma mu Epulo 2025 Boma la Donald Trump linathetsa panganolo. Apa pali phunziro lowawa. Chifundo chimene chili m'pangano chabe, chosalembedwa m'lamulo, chingathe kutha tsiku limene mpando wasintha mwini.

KODI CHILUNGAMO CHILI PATI?

Taona misewu iwiri, ndipo yonse inafika ku chithaphwi chimodzimodzi. Ku Texas lamulo linalibe, wosauka anamwa madzi oipa. Ku Alabama lamulo linalipo, lolimba ndithu, wosauka anakhalabe m'zonyansa, naonjezerapo mantha a ndende. Amene amati malamulo onse a chilolezo ndi nkhanza alakwa, pakuti woyamba kupindula lamulo likachoka ndi wa ndalama. Amenenso amati lamulo ndi lamulo, wolephera alipe, alakwa, pakuti chindapusa sichisintha makande kukhala nthaka yomwa madzi, ndipo munthu amene walipa chindapusa ali kutali ndi thanki kuposa m'mene analili dzulo.

Wina adzafunsa: kodi Boma lidzapeza kuti ndalama zothandizira nyumba iliyonse? Funsoli ndi loona, koma limbeni mtima mulitembenuze. Munthu wa m'tauni sakumba suweji yake yekha. Mapaipi ake anawamanga ndi ndalama za anthu onse, ndipo wa kumudzi naye anaponyamo msonkho wake. Tsono bwanji wa kumudzi yekha auzidwe kuti asenze katundu yense pamutu pake, ndipo akagwa nawo amangidwe? Ngati ukhondo wa nyumba yanga uteteza mudzi wonse, kotero kuti Boma lili ndi chifukwa chondilamula, ndiye kuti mudzi wonse uli ndi chifukwa chondithandizanso. Chifukwa chake ndi chimodzi chomwecho. Simungachitenge pofuna kulamula ndi kuchitaya pofuna kuthandiza.

Akulu athu amakumbukira za malimidwe m'masiku a atsamunda. Mizere yopingasa phiri inali yabwino ku nthaka, ndipo lero timailima tokha popanda wotikakamiza. Koma inabwera ndi kapitao, chindapusa ndi ndende, kotero kuti anthu anadana ndi chinthu chimene chikanawathandiza, ndipo chidanicho chinatenga zaka kuti chithe. Lamulo labwino lobwera ndi chikoti chokha limaononga mbiri ya chinthu chabwinocho.

NANGA IFE ZITIKHUDZA BWANJI?

Zitikhudza pawiri. Choyamba, lamulo lathu la mapulani la chaka cha 2016, Physical Planning Act, linafutukula ulamuliro wa mapulani kufika dziko lonse, pamene kale unali wa matauni ndi malo ochepa osankhidwa. Ndiko kunena kuti nkhani ya chilolezo si ya anthu a ku Blantyre ndi Lilongwe okha. Chachiwiri, sitingakane kuti vuto lilipo. Kolera wa 2022 ndi 2023 anapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno. Pa malo a malonda mapuloti akudulidwa mothinana, wina akukumba chimbudzi apa, mnzake akukumba chitsime apo, ndipo palibe woyesa mtunda. Tikanena kuti sitifuna lamulo lililonse, tidzakhala tikulankhulira odula mapuloti, osati ana athu.

Chotero ndikupempha kuti pa misonkhano ya komiti ya chitukuko, ndi pamaso pa khansala ndi phungu, tizinena zinthu zisanu izi:

1. Lamulo liyese ngozi, osati pepala. Chachikulu ndi mtunda wa pakati pa chimbudzi ndi chitsime kapena mjigo. Mamita 30 angathe kuyesedwa ndi chingwe, pamaso pa nyakwawa ndi mlangizi wa zaumoyo, popanda kulipira kanthu.

2. Goli lolemera likhale pa wodula ndi kugulitsa mapuloti. Iyeyo ayambe waonetsa kumene madzi akumwa adzachokere ndi kumene zonyansa zidzapite, asanalandire ndalama ya munthu.

3. Chilolezo cha nyumba ya munthu wamba chikhale chapafupi ndi chaulere. Ngati munthu ayenera kugulitsa mbuzi kuti akwere galimoto kawiri kunka ku boma kukafuna chidindo, adzamanga usiku, ndipo palibe adzamuimbe mlandu mumtima.

4. Chimene Boma livomereza chikhale chotheka pa dothi lathu ndi pa thumba lathu. Kumene kuli mchenga wogumuka, monga kunyanja, kapena makande osunga madzi, lamulo libwere ndi mmisiri, simenti ndi njira yoyesedwa kale, osati ndi pulani imene palibe angaikwanitse.

5. Wonena vuto lake asaimbidwe mlandu. Chilango chikhale cha amene ali nazo, wauzidwa, wapatsidwa njira, koma wakana dala. Ndipo chitetezo chimenechi chilembedwe m'malamulo enieniwo, chisakhale lonjezo la pakamwa la bwana amene mawa adzasamutsidwa.

Koma abale, pofunsa zimenezi tisaiwale mbali yathu. Munthu amene alibe chimbudzi pakhomo pake pamene ali ndi khasu ndi mphamvu, mawu ake adzakhala opepuka pa msonkhano. Aliyense wa nthambi ino ayese mtunda wa pakati pa chimbudzi chake ndi madzi amene iye ndi anansi ake amamwa. Ngati wafupika, akumbe china mvula isanagwe, ndipo anyamata athandize nkhalamba ndi amasiye, pakuti mutu umodzi susenza denga. Wogula puloti afunse za madzi asanatulutse ndalama, pakuti safunsa anadya phula.

Anthu a ku Lowndes anamenyera voti ndi miyoyo yawo naipeza, koma patapita zaka makumi asanu ana awo anali kusewerabe pafupi ndi zithaphwi za zonyansa, chifukwa lamulo la chimbudzi linalembedwa ndi anthu amene sanafunse za dothi lawo kapena za thumba lawo. Ifeyo tisadikire kuti malamulo a m'boma lathu alembedwe kaye ndiyeno tidandaule. Tikhalepo pamene akulembedwa. Werengerani nkhani iyi amene sadziwa kuwerenga, mukambirane m'midzi mwanu, ndipo maganizo anu mubwere nawo ku msonkhano ukudzawu kuti tiwalembe m'buku la nthambi.

Ndine wanu pa ntchito,

Mlembi wa Nthambi